Ambulansi ya njinga ikabwerako kuchipatala, ntchito sinathe

M'midzi yambiri, achinyamata a m'makalabu ndi amene amapalasa ambulansi ya njinga usiku, kunyamula mayi woyembekezera amene matenda amuyamba kapena munthu wovulala pangozi. Imeneyi ndi ntchito yotamandika. Koma ndikamayendera midzi ndimapeza matiresi a ambulansi ali ndi magazi ouma, atangoikidwa pakhonde kudikira wodwala wina.

Anzanga, simungatenge HIV chifukwa chonyamula munthu amene ali ndi kachilomboka. Thukuta lake, kumugwira dzanja kapena kumutsamiritsa pachifuwa panu, zonsezi zilibe vuto. Choopsa ndi magazi akakhudza pabala, m'maso kapena m'kamwa. Ndipo kachilombo ka matenda a chiwindi otchedwa hepatitis B n'kolimba kuposa ka HIV: kamatha kukhala ndi moyo m'magazi ouma kwa masiku 7.

Choncho valani magolovesi kwa wodwala aliyense, osayang'ana nkhope. Akasowa, majumbo apulasitiki osabooka amathandizako. Mukabwerako, sakanizani kapu imodzi ya Jik wa 3.5% ndi makapu 6 a madzi. Thirani pamatiresi ndi pazitsulo, dikirani mphindi 10, kenako tsukuluzani ndi madzi, chifukwa Jik amadya chitsulo. Matiresi akhale okutidwa ndi pulasitiki. Siponji yosakutira imamwa magazi ndipo siyera ngakhale mutachapa chotani.

Magazi akakulowani pabala, sambani ndi sopo n'kuthamangira kuchipatala kukapempha PEP. Mankhwalawa ayenera kuyambidwa maola 72 asanathe, ndipo amamwedwa kwa masiku 28.

Musaiwalenso mabuleki, mpweya wa m'matayala ndi chitsulo cholumikizira ngolo kunjinga. Wina pakalabu aziziyesa sabata iliyonse kukadali kowala, osati wodwala atagonamo kale.