Chigamulo cha Kusayankha Chisamani: Tichitchule Bwanji m'Chicheŵa?

Aphunzitsi ndi akonzi a nyuzi akhala akufunsa mmene tingamasulire mawu a Chingerezi akuti "default judgment". Ena amalemba kuti "chigamulo cha wolephera kubweza ngongole". Kumasulira kumeneku nkolakwika, ndipo kungathe kumtayitsa munthu katundu wake.

Tiyerekeze ndi wothyola tiyi pa esiteti ina ku Thyolo amene adakongola ndalama za katapila, nabweza gawo lalikulu pa malipiro a miyezi iŵiri. Wokongoza uja akukasuma kukhoti kuti sadalandire kalikonse. Chisamani chikufika m'Chingerezi, mwini wake ali kumunda. Iye akuchisunga m'thumba, poganiza kuti adzafotokoza zonse tsiku la mlandu. Masiku oikika atatha, khoti likupereka chigamulo popanda kumva mbali yake, ndipo asherifu angathe kudzalanda njinga kapena wailesi. Apa cholephera chimene lamulo likunena ndicho kusayankha chisamani. Ngati ngongoleyo ilipodi kapena ayi, khoti silidafufuze konse. Nchifukwa chake tikupempha alembi kuti azilemba "chigamulo cha kusayankha chisamani". Mawuwa ndi otalikirapo, komabe amauza woŵerenga chenicheni chimene chidachitika.

Mawu enanso ovuta ndi akuti "setting aside". Ambiri amati "apilo", koma apilo imapita ku khoti lalikulupo kukatsutsa chigamulo chimene woweruza adapereka atamva mbali zonse. Pano woimbidwa mlandu amabwerera ku khoti lomwelo kukapempha kuti chigamulo chifafanizidwe, mlandu uyambirenso. Choncho "kufafaniza chigamulo" ndiwo mawu oyenera. "Kuimitsa chigamulo" tisunge pa nthaŵi imene khoti laletsa asherifu kulanda katundu kwa kanthaŵi chabe.

Malamulo a kayendetsedwe ka milandu ya pakati pa anthu ku High Court, amene adayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2017, amanena za nkhaniyi pa Order 12. Wopempha ayenera kuonetsa zinthu ziŵiri. Choyamba ndi chifukwa chomveka chimene sadayankhire, monga matenda kapena kusalandira chisamani. Chachiŵiri ndi yankho logwira mtima pa mlanduwo, kaya akukana ngongole yonse kaya akutsutsa kuchuluka kwake. Wothyola tiyi uja akasonyeza umboni wa ndalama zimene adabweza, ndiye kuti ali nalo yankho lotere. Pempho liperekedwe pasanathe miyezi 3, pamodzi ndi chikalata cha lumbiro. Wochedwa afotokoze chimene chidamchedwetsa. Ngongole zing'onozing'ono zimapita kwa majisitireti, kumene kuli malamulo akeake, koma maganizo ake ndi ofanana. Gwero la maganizoŵa ndi lakale: pa mlandu wa Evans ndi Bartlam ku England m'chaka cha 1937, Lord Atkin adafotokoza kuti khoti lili ndi mphamvu yochotsa chigamulo chimene chidadza kokha chifukwa cha kusatsata ndondomeko.

Pomasulira "meritorious defence" tipewe mawu akuti "kudziteteza kwabwino", chifukwa kwa Mcheŵa kudziteteza kumakumbutsa ndewu. Pa bwalo la mfumu munthu "amayankha mlandu", ndipo mawu ameneŵa ngokwanira ngakhale m'zikalata za khoti.