Kogona nkuti pofuna kuyendera matauni a m'mapiri a Kum'mawa?

Cimanga cikalowa m'nkhokwe ndipo fodya ndi thonje zikagulitsidwa, mabanja ambiri muno mu Kasenengwa amalandira alendo. Ana amene amagwira nchito ku Lusaka ndi ku Copperbelt amabwera ndi galimoto, ndipo magulu a amai ndi a acinyamata amasonkha ndalama kuti acite hayala minibasi. Onse amafuna kuona malo ambiri m'masiku ocepa. Funso limene limavuta ndi lakuti: tizigona kuti kuti tizipita m'mawa ndi kubwerako tsiku lomwelo?

Ambiri amati tizigona kumudzi cifukwa sitilipira. Nzoona, koma midzi yathu yambiri ili kutali ndi tala. Ola limodzi limatha pa mseu wa fumbi m'mawa, lina madzulo, ndipo petulo amene wapsa pamenepo aposa mtengo wa cipinda. Conco posankha pogona, yambani mwaona pamene miseu ikumana.

Pa cifukwa cimeneci Chipata ndiye woyamba. Mzinda umenewu, umene kale unali Fort Jameson ndipo unakwezedwa kukhala city mu 2017, uli pakati pa mapiri, ndipo miseu yopita ku Katete, Chadiza, Vubwi, Mfuwe, Lundazi ndi ku malire a Mwami yonse imayambira pamenepo. Malo othirira petulo, mabanki, amakanika ndi cipatala cacikulu zili pafupi. Tsiku loyamba mukhoza kukwera phiri la Kanjala ndi kuona tauni yonse pansi panu, kenaka kupita ku Magwero kumene amishoni a Dutch Reformed anakhazikika mu 1899.

Kucokera ku Chipata, Katete ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 90 pa mseu wa Great East. Kumeneko kuli mapiri a Mphangwe ndi cipatala ca St Francis. Ulendo umenewu ndi wa tsiku limodzi popanda kuthamanga. Kachebere nayenso ali pafupi, tsidya la malire m'boma la Mchinji ku Malawi. Ansembe a White Fathers anafikako mu 1903, ndipo seminale yaikulu inatsegulidwa mu 1939. Koma kumbukirani pasipoti kapena border pass, mapepala a galimoto ndi inshuwalansi yogwira nchito ku Malawi. Munthu mmodzi akaiwala pepala, gulu lonse limaima pa Mwami.

Pali malo ena amene Chipata sangakuthandizeni bwino. Lundazi ali pa makilomita pafupifupi 180, kutanthauza 360 kupita ndi kubwera. Galimoto yaing'ono imene imadya lita imodzi pa makilomita 10 kapena 12 idzafuna malita oposa 30, ndipo tsiku lonse mudzathera pa mpando. Ngati mufuna kuona hotela ya Castle yomangidwa ngati linga la azungu, kagoneni komweko. Cimodzimodzi Mfuwe: mseu uli ndi tala, koma nyama za mu South Luangwa zimaoneka bwino mbandakuca ndi madzulo, nthawi imene wa ulendo wa tsiku limodzi ali pa njira.

Amene abale ao ali ku Sinda, Chadiza kapena ku malire a Chanida opita ku Mozambique, angacite bwino kugona ku Katete. Koma onani kalendala. Kumapeto kwa August kumakhala mwambo wa Kulamba ku Mkaika, pamene Acewa a mu Zambia, Malawi ndi Mozambique amabwera kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo zipinda zimadzala. Ku Chipata zimenezi zimacitika kumapeto kwa February pa Nc'wala ya ku Mtenguleni. Masiku amenewo lipirani cipinda kukali nthawi.

Cacikulu koposa ndi dzuwa. M'miyezi ya June ndi July kuno limalowa isanakwane 18 koloko. Ndiyo nthawi imene ngolo zopanda nyali zicokera ku misika, ng'ombe zidutsa mseu, a njinga ali m'mbali, ndipo malole akulu-akulu athamangira ku malire. Lamulo labwino ndi ili: nyamukani 6 koloko, ndipo ikakwana 15 koloko galimoto iyang'ane kobwerera, ngakhale nsima ya kwa apongozi isanapse. Malo amene simungafikeko ndi kubwerako mkati mwa maola amenewa, si a ulendo wa tsiku limodzi.

Nyengo ya mvula, kuyambira December kufikira March, miseu ya dothi ya m'mapiri imaterera ndipo timitsinje timadzala mwadzidzidzi. Musanatembenukire ku mseu wotere, funsani madalaivala a pa siteshoni amene adutsamo m'mawa womwewo.

Inu atsogoleri a magulu, musanasonkhetse ndalama khalani pansi ndi dalaivala, lembani makilomita a tsiku lililonse, ndipo muonjezere ya tayala lopuma. Ndi bwino kuona malo atatu ndi kubwerera nonse amoyo, kusiyana ndi kulondola asanu usiku.