Chisanu cha Juni ndi Julaye: Tivale Bwanji Paulendo, Kunyanja ndi Kuphiri?

Makolo anga ndi anzanga a ku Insaca, ku Entre Lagos, m'mbali mwa nyanja za Chiuta ndi Chilwa, komanso abale athu a tsidya la Nayuchi, lero tikambirane za chisanu. Kuno timadziwa kuopa dzuwa ndi malungo, koma kuzizira timakutenga ngati chinthu chongopirira. Komatu kuzizira kumapha.

Thupi la munthu wabwinobwino limakhala pa madigiri 37. Likatsika kupitirira 35, ubongo ndi mtima zimayamba kufooka. Sipafunika kuti madzi achite kuundana ngati kumayiko a azungu. Zinthu zitatu zikakumana, ndiye kuti ngozi yafika: mphepo, zovala zonyowa ndi njala. Mphepo imachotsa kamthunzi kofunda kamene kali pakhungu. Chovala chonyowa chimakoka kutentha kwa thupi msanga kuposa chouma. Ndipo munthu wa m'mimba mopanda kanthu alibe nkhuni zosonkhezera moto wa m'thupi.

Zitatuzi zimakumana mu Juni ndi Julaye, pamene mwera ukuomba panyanja ndipo chiperoni chabwera ndi chifunga ndi mvula yowaza. Amene ali pachiopsezo ndi asodzi ogona pamadzi, a kabaza ndi a njinga zamoto onyamuka m'bandakucha, amayi opita kumsika ndi mwana kumbuyo, ndi okwera phiri kukafuna nkhuni, nsungwi kapena uchi.

Kuphiri muzisamala kwambiri. Mukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndipo pamwamba mphepo ilibe chotchinga. N'chifukwa chake ku Lichinga kumazizira kuposa kuno. Pa Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje yotalika mamita 3,002, mnyamata wina wa ku Brazil anafa ndi chisanu mu 2009 atakwera yekha n'kusochera. Anali wamphamvu zake, koma phiri silisankha.

Tsono tivale bwanji? Anthu okwera mapiri ozizira ali ndi lamulo losavuta: zovala zitatu zopyapyala zimaposa chimodzi chokhuthala, chifukwa mpweya wotsekeredwa pakati pa zovalazo ndi umene umafunditsa.

Choyamba, chapakhungu. Chikhale chouma msanga, monga malaya ampira aja. Malaya athonje amamwa thukuta n'kukhala onyowa nthawi yaitali.

Chachiwiri, chofunditsa. Juzi yaubweya ya pakaunjika ndi yabwino, chifukwa ubweya umafunditsabe ngakhale utanyowa pang'ono.

Chachitatu, chotchinga mphepo ndi mvula. Ngati jekete mulibe, boolani thumba lalikulu lapulasitiki lochapa bwino, potulukira mutu ndi manja. Thumba limene munali mankhwala ophera tizilombo ayi.

Musaiwale chipewa kapena mpango wotseka makutu, ndi sokosi. Pokwera mtunda kapena popalasa, vulani juzi musanatuluke thukuta lambiri, ndipo mukangoima muvalenso msanga. Malaya ena ouma muwamange m'jumbo. Idyani musananyamuke, kaya phala, mbatata kapena chinangwa, ndipo tengani kamba. Uzani a kunyumba kumene mukupita ndi nthawi yobwerera. Chifunga chikatseka njira, khalani pobisala mphepo, musangoyenda mwachimbulimbuli.

Anzanga asodzi, ndikudziwa kuti ambiri mumati kachasu amachotsa chisanu. Kachasu amanamiza. Amatsegula mitsempha ya pakhungu, magazi ofunda n'kuthamangira kunja. Mumamva ngati mwafunda, pamene kutentha kwa m'kati kukuthawa. Tiyi wa shuga ndiye mnzanu weniweni.

Amayi, khanda limazizidwa msanga kuposa wamkulu ndipo silinena. Mwana wongobadwa kumene apukutidwe, aikidwe pachifuwa cha mayi khungu ndi khungu, avale chipewa, ndipo asasambitsidwe mpaka patapita maola 24. Paulendo wa m'mawa, gwirani mapazi ake. Ngati ndi ozizira, muikeni pachifuwa m'kati mwa zovala zanu n'kumuyamwitsa. Thewera lonyowa lisinthidwe msanga. Agogo okalamba ogona okha tiziwazondanso m'mawa.

Zizindikiro zoopsa ndi izi: kunjenjemera kosalekeza, zala kukanika kumanga chingwe, kulankhula molobodoka, kuyenda dzandidzandi ngati woledzera, ndi tulo tosaletseka. Munthu akasiya kunjenjemera koma thupi likadali zii, sikuti wachira ayi, zafika poipa.

Mukamupeza wotere, muchotseni pamphepo. Muvuleni zonyowa, mugonekeni pamkeka kapena paudzu wouma, osati padothi. Mufunditseni mutu ndi chifuwa, ndipo wina agone naye m'bulangete limodzi. Ngati ali maso ndipo akumeza bwino, mupatseni tiyi kapena phala lofunda. Mowa ayi. Musamutikite manja ndi miyendo, ndipo musamukhazike pafupi kwambiri ndi moto, chifukwa khungu lochita dzanzi limapsa mwini wake osamva. Munyamuleni mofatsa kupita naye kuchipatala chapafupi, ndipo mudziwitse APE wa m'mudzi mwanu.

Chomaliza ndi mbaula. Makala oyaka amatulutsa mpweya wapoizoni umene suoneka ndiponso sununkha. Banja lonse likhoza kugona osadzukanso. Otherani moto chitseko kapena zenera lili lotsegula, ndipo mbaula ituluke panja musanagone. Wina akayamba kumva mutu, chizungulire kapena nseru, tulukani nonse nthawi yomweyo.

Makolo anga, pogulitsa mpunga ndi nsomba chaka chino, patulani kangachepe kogulira juzi ndi chipewa cha mwana chisanu chisanalimbe. Uthengawu mukauzenso anzanu kudoko ndi kumsika.