KAMERA PA SHEDI YA GULU: KUTETEZA KATUNDU POPANDA KUVULA ANTHU

Kuno ku Chigwa cha Shire magulu ambiri ali ndi mashedi amene achinyamata amaphunziriramo ntchito zamanja monga ukalipentala, kuwotcherera zitsulo ndi kusoka. Tikayenda ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula ngakhalenso pa boma la Nsanje, timamva masowo ndi makina zikulira. Zipangizo zimenezi ndi zodula. Makina osokera, makina owotcherera, mabatire ndi mapanelo a sola kawirikawiri zimagulidwa ndi ndalama zosonkherana kapena ndi thandizo la anthu akufuna kwabwino. Zikabedwa usiku umodzi wokha, gulu lonse limagwa mphwayi. Ndiye pa msonkhano wa komiti pamapezeka wina woimika dzanja n’kunena kuti: “Bwanji tigule kamera?”

Maganizo amenewa si oipa. Makamera masiku ano akupezeka m’masitolo a ku Limbe ndi ku Blantyre, ndipo ena amayendera sola. Koma tisanasonkhe ndalama tiyenera kudziwa kuti kamera siisankha. Imajambula wakuba, imajambulanso mayi amene akuyamwitsa mwana, mtsikana amene akuyesa diresi, ndi mnansi wathu amene sadalakwe chilichonse.

KODI KAMERA IMAGWIRA BWANJI NTCHITO?

Kamera ndi diso chabe. Zimene yaona imazisunga pa kakhadi kamene kali m’kati mwake, kapena imazitumiza pa waya ku kabokosi kamene amakatcha DVR. Malo osungira akadzaza, makina ambiri amafufuta zakale n’kulembapo zatsopano. Makamera ambiri amaonanso mu mdima pogwiritsa ntchito kuwala kumene maso athu sakuona, koma chithunzi cha usiku chimatuluka chotuwa, chopanda mtundu, ndipo nkhope ya munthu amene ali patali siizindikirika bwino. Ena mwa makamerawa ali ndi khutu, kutanthauza kuti amatolanso mawu. Enanso amalumikizidwa ku intaneti kotero kuti munthu ali ku Dyeratu angathe kuona pa foni yake zimene zikuchitika mu shedi ya ku Ngabu.

Apa ndi pamene pali ngozi imene ambiri sitiidziwa. Makamera ena atsopano amabwera ndi nambala yachinsinsi ya ku fakitale, monga 12345, imene ili yofanana pa makamera zikwizikwi. M’chaka cha 2014 dziko lidadzidzimuka litamva za tsamba la pa intaneti lotchedwa Insecam, limene linkaonetsa poyera zithunzi zochokera ku makamera oposa 70,000 a m’maiko osiyanasiyana. Eni ake sadaberedwe mwaukatswiri ayi. Iwo sadasinthe chabe nambala ya ku fakitale ija. Chomwecho tsiku limene mmisiri wamanga kamera, komiti isinthe nambalayo iye atachoka, pakuti nayenso sayenera kupitiriza kutiona ali kunyumba kwake.

KODI MALAMULO AKUTI CHIYANI?

Ife amene tidakula nthawi ya chipani chimodzi tikukumbukira mmene zinkakhalira. Munthu asanayankhule ankayamba wacheuka. Kalata inkatha kufika itatsegulidwa kale, ndipo pa maliro kapena pa mowa sitinkadziwa kuti kazitape ndi uti. Titavota pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, malamulo atsopano oyendetsera dziko amene adayamba kugwira ntchito mu 1994 adaika ufulu wa chinsinsi m’gawo 21. Gawo limeneli likuti munthu aliyense ali ndi ufulu wosungiridwa chinsinsi chake: asasechedwe mwachisawawa iye mwini, nyumba yake kapena katundu wake, asalandidwe zinthu zake, ndipo wina asalowerere pa makalata ndi mafoni ake. Gawo 19 likuti ulemu wa munthu suyenera kuphwanyidwa. Zingakhale zomvetsa chisoni kuti ukazitape umene tidaukana kwa boma tiuyambitse tokha pa shedi ya m’mudzi.

Palinso lamulo latsopano lotchedwa Data Protection Act, limene aphungu adalivomereza mu Disembala 2023 ndipo lidayamba kugwira ntchito mu Juni 2024. Bungwe la MACRA ndi limene lidapatsidwa udindo woyang’anira lamuloli ndi kulandira madandaulo. Chithunzi chimene chikuonetsa nkhope ya munthu wodziwika ndi mbiri ya munthuyo, ndipo wochisunga ali ndi udindo. Mwachidule lamuloli likuti potolera mbiri ya munthu pakhale chifukwa chomveka ndi chololedwa, mwini wake adziwe, titole zokhazo zimene zikufunika pa chifukwacho, tisazigwiritse ntchito pa zina, tizisunge motetezeka, ndiponso tisazisunge nthawi yaitali koposa mmene zikufunikira. Mbiri yokhudza umoyo wa munthu ndi mbiri ya ana zimafuna chisamaliro chapadera. Tisadzinamize kuti malamulo otere ndi a mabanki ndi makampani a mafoni okha. Shedi ya gulu ndi malo a anthu ambiri, si chipinda cha munthu mmodzi.

KODI KAMERA IYANG’ANE KUTI?

Funso loyamba pa komiti likhale ili: kodi tikufuna kuteteza chiyani? Ngati yankho ndi makina ndi mabatire, kamera iyang’ane pa chitseko cha sitolo yosungira zipangizo ndi pa geti. Basi. Nthawi zina tikafunsa funso limeneli timapeza kuti chimene chikusowa ndi loko wolimba, zitsulo za pa windo, babu la panja, kaundula wolembamo amene watenga chipangizo, ndi malipiro a mlonda amene sadaperekedwe miyezi itatu. Kamera siithamangitsa wakuba. Imangotiuza mawa lake zimene zidachitika dzulo.

Tsono tiyeni tikumbukire mmene timakhalira kwathu kuno. Mabafa athu ambiri ndi a udzu kapena a bango, opanda denga. Kamera imene yaikidwa pamwamba pa mtengo wautali kuti ione bwalo lonse imaonanso m’bafa la mnansi. Mwezi wa Okutobala ndi Novembala kukatentha, mabanja ambiri amagona panja pa mphasa, ana ndi akulu omwe, atavala mopepuka. Diso loona mu mdima lija likaloza ku bwalo lawo, ndiye kuti talowa m’chipinda chawo chogona popanda odi. Chomwecho kamera ikamangidwa, komiti iitane anansi oyandikana nawo adzaone ndi maso awo pa sikirini pamene diso likuthera. Ngati likudumpha mpanda, liweramitsidwe.

M’kati mwa shedi muli malo amene kamera siyenera kufikako ngakhale pang’ono: ku chimbudzi, kosambira, ndi kuseri kwa nsalu kumene makasitomala a telala amayesera zovala. Malamulo a milandu a dziko lino, m’gawo 137, amati kulowerera pa chinsinsi cha mayi ndi cholinga chomuchotsera ulemu ndi mlandu. Ndipo ngati wojambulidwa ali maliseche ndi mwana wosakwana zaka 18, nkhaniyo imakula kwambiri, pakuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kupanga, kusunga ndi kufalitsa zithunzi zolaula za ana.

Pali zinsinsi zina zimene sitiziganizira msanga. Tiyerekeze kuti wophunzira wina amamwa mankhwala ake a ma ARV pa ngodya ya shedi anzake atatuluka. Iye sadauze munthu aliyense, koma mlembi wa komiti poyang’ana zithunzi waona botolo lija. Mawa nkhani ili pa mjigo. Kuulula za umoyo wa munthu chotere kumapha mtima, kumathetsa maukwati, ndipo lamulo la za HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa. Tiyerekezenso kuti amayi a banki mkhonde amabwereka shedi Lachinayi masana. Kamera ikuonetsa amene wakongola, amene walephera kubweza, ndi amene wanyamula bokosi la ndalama kupita nalo kunyumba. Chithunzi chotere chikafika m’manja olakwika, kamera imene tidagula kuti iletse umbava ndi yomwe yasonyeza mbava njira. Pa misonkhano yotere kamera ya m’kati izimitsidwe. Izimitsidwenso ngati shedi yasanduka pothawira anthu nthawi ya madzi osefukira, monga mmene masukulu ndi matchalitchi adasandukira nthawi ya namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023.

Za khutu lija, ife tikuona kuti ndi bwino kulitseka kotheratu. Palibe makina amene adapezeka chifukwa chomvera macheza a ophunzira.

ANTHU ADZIWE

Kamera yobisa ndi msampha. Pa geti ndi pa chitseko pakhale chikwangwani chonena kuti malo ano pali kamera, chifukwa chake, ndi udindo wa munthu amene angafunsidwe. Chilembedwe m’Chichewa ndi m’Chisena, ndipo pajambulidwenso chithunzi cha kamera pothandiza amene sadziwa kuwerenga. Ophunzira atsopano auzidwe tsiku loyamba. Ngati pali ana osakwana zaka 18, makolo awo afotokozeredwe ndipo avomereze. Nyakwawa ya m’mudzimo nayonso idziwe.

Aphunzitsi a ntchito ndi mlonda nawonso ndi anthu. Ngati tidati kamera ndi yoteteza katundu, wapampando asaisandutse chida chowerengera mphindi zimene mmisiri wakhala pansi, kapena chofufuzira mnyamata amene amayankhula ndi mtsikana wakutiwakuti. Mphunzitsi aliyense amadziwa kuti mwana amene akuopa diso la kumbuyo saphunzira, amangobisa zolakwa zake.

NDANI AONE ZITHUNZI?

Pamene pamagwa magulu ambiri ndi apa. Kabokosi kosungira zithunzi katsekeredwe mu kabati, pamalo okwera pamene madzi sangafike. Ololedwa kutsegula akhale anthu awiri osankhidwa ndi gulu, bambo ndi mayi, ndipo azitsegula ali limodzi. Pakhale kope lolembamo tsiku, amene watsegula, ndi chifukwa chake. Zithunzi zisakhale pa foni ya munthu mmodzi, pakuti foni imabwerekedwa, imatayika, imapita kotchajitsa, ndipo ana amaiseweretsa. Wina akachoka mu komiti, nambala yachinsinsi isinthidwe tsiku lomwelo. Gulu ligwirizanenso masiku osungira zithunzi. Masabata awiri kapena anayi ndi okwanira kuti tizindikire ngati china chasowa. Kupitirira apo zifufutidwe, kupatula zokhazo zimene zikukhudza nkhani imene ili ku polisi. Munthu amene adajambulidwa ali ndi ufulu wopempha kuona zithunzi zake, koma pomuonetsa tisamuonetse za anthu ena.

Pali kanthu kenanso kakang’ono kamene kamaononga milandu. Magetsi akathima kapena batire ikatha, wotchi ya makina ena imasokonekera. Chithunzi cholembedwa tsiku lolakwika chimapatsa wakuba pothawira m’khoti. Wina aziiyang’ana wotchiyo sabata iliyonse.

TIKAONA WAKUBA PA CHITHUNZI

Tsiku lina m’mawa tidzapeza loko atathyola, ndipo pa sikirini padzaoneka munthu atasenza batire. Mitima idzatentha. Wina adzati: “Ameneyu ndi mwana wa uje, ndamudziwa kayendedwe.” Wina adzajambula sikiriniyo ndi foni n’kutumiza pa WhatsApp. Pofika masana chithunzi chili pa msika wonse.

Abale, kuona maso a nkhono n’kudekha. Tanena kale kuti chithunzi cha usiku ndi chotuwa. Anyamata ovala chipewa ndi malaya a mpira ofanana alipo ambiri. Ndipo ife a kuno tikudziwa zimene gulu la anthu okwiya limachita. Mu Malichi 2016 anthu asanu ndi awiri adatenthedwa mpaka kufa m’boma la Nsanje powaganizira kuti ankachita malonda a mafupa a anthu. Palibe khoti limene lidawamva. M’chaka cha 2017 mphekesera za anamapopa zidaphetsanso anthu m’maboma a kum’mwera kuno. Mphekesera ya pakamwa ikatha kuchita zotere, nanga chithunzi chimene anthu akuti “taona ndi maso athu”? Amene watumiza chithunzicho sangathe kuchiitanitsanso, ndipo magazi akakhetsedwa dzanja lake lilimo.

Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko likuti woganiziridwa mlandu ndi wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa, ndiponso kuti womangidwa afikitsidwe ku khoti pasanathe maola 48. Chomwecho njira yake ndi iyi. Anthu awiri aja akopere gawo lokhalo la chithunzi limene likuonetsa za kubako, alembe mu kope, ndipo akalipereke ku polisi ya pafupi, kaya ndi ku Chikwawa, ku Nchalo, ku Ngabu, ku Bangula kapena ku Nsanje. Alembe dzina la wapolisi amene walandira ndi tsiku lake. Choyambirira chija chisungidwe osachisintha, pakuti khoti lingadzachifune. Apolisi a m’mudzi angathandize kuperekeza, koma iwo si khoti, ndipo sayenera kupatsidwa chithunzi kuti azikayenda nacho.

Nanga ngati wolakwiridwa ndi ife, kamera ya gulu kapena ya sitolo yoyandikana nayo ikuyang’ana m’bafa lathu, kapena chithunzi chathu chafalitsidwa? Tiyambe ndi eni kamerayo, tili ndi mboni, kuwapempha kuti aitembenuze ndi kufufuta zimene adajambula. Akakana, tipite kwa nyakwawa. Ngati nkhani ikukhudza thupi la mayi kapena la mwana, tisataye nthawi ndi kukambirana kwa m’mudzi: tipite ku polisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa, tsiku lomwelo. Dandaulo la kasungidwe ka zithunzi lingathe kupitanso ku MACRA kapena ku bungwe la boma loona za ufulu wachibadwidwe la Malawi Human Rights Commission. Popita kumeneko titenge tsiku limene tidazindikira, dzina la malo, ndi mayina a anthu amene adaona chithunzicho.