WAZANI MADZI MUSANASESE M'NYUMBA

Mphepo ya mu Ogasiti ikangoyamba, amai a ku Kapata, Mchini ndi Navutika mu Chipata amadziwa kuti nchito yakula. Galimoto ikadutsa m'kanjira kopanda tara, fumbi lonse limathera m'nyumba. Musesa m'mawa, pofika masana tebulo layeranso mbuu!

Koma kodi fumbi limene timasesa limapita kuti? Tsace likamadutsa pa simenti youma, cimene cimatuluka pakhomo ndi mcenga ndi zinyalala cabe. Fumbi losalala, lija timaliona likuvina m'kuwala kwa dzuwa kolowera pa ciboo ca malata, limangouluka. Limakhala m'mwamba kwa nthawi, kenaka limatera pa mabulangeti, pa mbale ndi m'mphuno mwa mwana amene ali kumbuyo kapena akukwawa pansi. Mwana amapuma mofulumira kuposa munthu wamkulu, ndipo timanja take sitimacoka kukamwa. Kwa munthu wodwala mphumu, kusesa kotere kungathe kudzutsa matenda ake.

Fumbi lina ndi loopsa koposa. Ku Kabwe mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma dothi la m'makomboni a Kasanda, Chowa ndi Makululu likali ndi mtovu, ndipo ana ambiri kumeneko anapezeka nao m'magazi. Mtovu umaononga ubongo wa mwana, ndipo njira yaikulu imene umalowera m'thupi ndi fumbi lomweli, la pabwalo ndi la m'nyumba. Ngati muli ndi abale kumeneko, auzeni.

Mankhwala ake sagulidwa. Tulutsani ana, tsegulani citseko ndi mawindo, wazani madzi pansi ndi dzanja, ndiye musese. Safunika madzi abwino: otsukira zovala komaliza akwanira. Pa simenti kukolopa kumaposa kusesa. Mipando ndi kabati pukutani ndi kansalu konyowa. Kukuntha ndi citenje kumangosamutsa fumbi kucoka pa mpando kupita pa kama. Mabulangeti, mphasa ndi matiresi zikunthidwe panja ndi kuyanikidwa pa dzuwa. Inde, madzi ndi ovuta mu Okutobala, koma kapu imodzi kapena ziwiri zikwanira cipinda conse.

Pali cizolowezi cina cimene cifunika kuciganizira bwino. Mabanja ambiri, potopa ndi fumbi ndi udzudzu, amatseka ndi nsanza kapena makatoni ziboo zolowera mphepo za pamwamba pa mawindo. Fumbi limacepadi, koma utsi umasowa potulukira. Ikafika Juni, mbaula ilowa m'cipinda cogona. Makala akamayaka amatulutsa mpweya wa poizoni wochedwa carbon monoxide, wosaoneka ndiponso wosanunkha. Umayamba ndi mutu ndi cizungulire, ndipo ungaphe banja lonse lili m'tulo. Kolezani mbaula panja, ndipo musagone nayo m'nyumba ngakhale makala aoneke ngati atha. Pa ziboo zija ikani gozi wa waya kapena cidutswa ca neti yakale m'malo mwa nsanza.

Mwana akamatsokomola, musafulumire kunena kuti ndi fumbi cabe. Mugonekeni, muwerenge mmene akupumira kwa mphindi imodzi. Wa miyezi 2 kufika 11 akapuma ka 50 kapena kuposa, wa caka cimodzi kufika zaka 5 akapuma ka 40 kapena kuposa, kapena ngati pansi pa nthiti pakulowa m'kati pokoka mpweya, cingakhale cibayo. Pitani naye ku kiliniki tsiku lomwelo.