Malamulo awiri obadwa chaka chimodzi

Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza malamulo awiri okhudza nkhani zimene Amalawi amamva ndi kuuzana. Loyamba ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene ambiri amangoti lamulo la pa intaneti. Lachiwiri, limene aphungu anavomereza mu Disembala, ndi Access to Information Act, lopatsa nzika mphamvu yofunsa zimene maofesi a boma akusunga ndi kuyankhidwa. Nduna kapena mneneri wa apolisi akamadandaula za nkhani zabodza, kawirikawiri amatchula loyambalo. Lachiwirili timalimva kwa atolankhani pa 3 Meyi, tsiku la ufulu wawo, kenako kuli zii.

Kusiyana kwake kunayambira pa chiyambi pomwe. Lamulo la pa intaneti linayamba kugwira ntchito mu 2017. Linzakeli Pulezidenti Peter Mutharika analisaina mu Febuluwale chaka chomwecho, koma linagona m'kabati kudikira nduna kuti itchule tsiku, mpaka pa 30 Sepitembala 2020 boma litasintha. Chonsecho ndime 37 ya malamulo oyendetsera dziko a 1994 inali italonjeza kale ufulu umenewu, ndipo bungwe la MISA Malawi linaumenyera nkhondo zaka zoposa khumi.

Lamulo la pa intaneti tisalinamizire, ndi lofunika. Alipo akuba amene amatumiza uthenga pa foni kuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Alipo amene amamwaza zithunzi zamaliseche za amayi pofuna kuwachititsa manyazi, ndi ena amene amadyera ana masuku pamutu kudzera pa intaneti. Anthu oterewa dziko liyenera kukhala ndi chowagwirira. Vuto lili m'ndime zina zimene mawu ake ndi otambalala, monga yoletsa uthenga wokhumudwitsa kapena wosokoneza mtendere wa munthu, imene chilango chake chimafika chaka chimodzi kundende. Wokhumudwa ndani, ndipo wakhumudwa ndi bodza kapena ndi choona chowawa? Mu 2022 namwino wina anamangidwa chifukwa cha zimene analemba pa gulu la WhatsApp zokhudza Pulezidenti wa nthawiyo. Mu Epulo 2024 mtolankhani Macmillan Mhone anatsekeredwa chifukwa cha nkhani ya katangale imene inatuluka miyezi ingapo m'mbuyomo. Pa milandu yotere munthu amalangika woweruza asanamuone n'komwe: foni yalandidwa, wagona m'chitokosi, ndipo anzake onse amene amva ayamba kulemba mwamantha.

Nanga kumanga anthu kumathetsa mphekesera? Mbiri yathu ikukana. Mu Januwale 2003 mtolankhani wa wailesi ya MIJ, Maganizo Mazeze, anamangidwa ataulutsa mawu a munthu amene ankati anamapopa anamupopa magazi. Nkhani ya anamapopa sinafe. Inabukanso mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu olusa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'madera ena. Kumudzi munthu akamangidwa chifukwa cha zimene wanena, ambiri amangofunsana kuti, kodi akuluakuluwa akubisa chiyani?

Tinazionanso mu Juni 2024. Ndege imene inanyamula Wachiwiri kwa Pulezidenti Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu inasowa m'mawa wa pa 10, ndipo mtundu unauzidwa tsiku lotsatira kuti yapezeka itagwa ku Chikangawa. M'maola amene boma linkalankhula pang'onopang'ono, mauthenga a mawu anadzaza m'mafoni, ena ongopeka, ena ochokera mu mtima wosweka. Ena mwa olankhulawo anamangidwa, koma kukayikira sikunachepe. Mafunso a anthu anali omveka: ndegeyo inali bwanji isananyamuke, anailola ndani kuuluka nyengo itaipa, kusaka kunayamba nthawi yanji? Mafunso otere wapolisi sangawayankhe ndi unyolo. Amayankhidwa ndi mapepala a m'maofesi, ndipo apa ndi pamene lamulo lachiwiri lija lili ndi ntchito.

Komabe nalonso lili ndi polekezera. Ofesi imapatsidwa masiku 15 ogwira ntchito kuti iyankhe wofunsa, pamene bodza limachoka ku Nsanje n'kufika ku Chitipa nsima isanapse. Mayi wa ku Phalombe amene wamva usiku kuti kwabwera anthu achilendo sangayambe kulembera kalata ofesi ya DC. Lamuloli limalolanso boma kukana kupereka zina ponena kuti ndi zachitetezo, ndipo khomo limenelo wosafuna kuyankha salisowa. Bungwe la Malawi Human Rights Commission, limene linapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli, silingakwanitse ngati thumba lake ndi lochepa ndiponso ngati akuluakulu a m'maofesi akudziwa kuti kukhala chete sikuwabweretsera mlandu.

N'chifukwa chake ine ndimaona kuti gawo lamphamvu kwambiri la lamuloli ndi lija lolamula maofesi kuulula okha zinthu asanafunsidwe. Chitsanzo chabwino cha mtima umenewu chinaoneka mu Meyi 2021. Mphekesera zitachititsa anthu ambiri kuopa katemera wa Covid-19, wina wa AstraZeneca anatha mphamvu asanagwiritsidwe ntchito. Unduna wa Zaumoyo unawotcha katemera 19,610 poyera, atolankhani akuona, kuti pasakhale wonena kuti akubaya anthu mankhwala owonongeka. Kunali kuvomera chinthu chochititsa manyazi, koma kunatseka pakamwa bodza limene likanabadwa mawa lake, popanda kumanga munthu.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi pamene njira ziwirizi zimagundana. Zimene zili m'mapepala a boma zimafika kwa anthu kudzera mwa atolankhani: wina afunse, awerenge, kenako wailesi ngati Zodiak, kapena za m'madera monga Dzimwe ku Mangochi ndi ya ku Nkhotakota, zinene m'chilankhulo cha anthu. Mu Epulo 2022 apolisi anagwira Gregory Gondwe wa Platform for Investigative Journalism, namulanda foni ndi kompyuta, akufuna aulule amene anamupatsa chikalata cha boma chokhudza malipiro a kampani ina. Izi zinachitika m'dziko limene lamulo lake la Access to Information limateteza oulula zachinyengo. Mukaopseza mtolankhani wofufuza, anthu sasiya kufuna nkhani. Amakaifuna kwa munthu wosadziwika dzina wa pa Facebook, amene sangaimbidwe mlandu ndi mkonzi, Media Council kapena khoti.

Pali zina zimene zasuntha. Mu 2022 aphungu anachotsa m'malamulo milandu ya mawu oukira boma, ndipo mu Julayi 2025 khoti linagamula kuti ndime 200 ya Penal Code, imene inkachititsa kuipitsa mbiri ya munthu kukhala mlandu wa kundende, ikutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Ndime zotambalala za lamulo la pa intaneti zikufunika kuunikidwa ndi diso lomwelo, kuti zigwire wakuba ndi wozunza amayi koma zisiye wodzudzula. Ndipo malipoti a makomiti ofufuza, amene amalembedwa ndi ndalama za misonkho, azituluka msanga, athunthu, ndiponso m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, kuti wailesi ziziwawerengera anthu amene mphekesera zimayamba kuwafikira.