Kodi mumadziwa? Kompyuta imaunjika yokha zinyalala

Amene amataipa makalata, kusindikiza kapena kuika nyimbo m'mamemore khadi pa Migowi, Chiringa ndi pa boma la Phalombe amalidziwa vutoli: kamzere ka diski ya C: kafiira, kompyuta yayamba ulesi, makasitomala ali pamzere. Kawirikawiri chadzaza malo si nyimbo zokha ayi.

• Mapulogalamu ambiri akamagwira ntchito amalemba timafayilo tongoyembekezera, n'kutifufuta akamatsekedwa. Magetsi akathima mwadzidzidzi, timafayiloti timatsalira ndipo timachulukana mwakachetechete.

• Kuti mutione, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani %temp% n'kudina Enter. Sankhani zonse, fufutani. Zimene zakana zisiyeni, ndiye kuti zikugwiritsidwa ntchito.

• Zomwe mwataya mu Recycle Bin zimadyabe malo mpaka mutakhuthula.

• Mukakweza Windows, yakaleyo imasungidwa mu foda ya Windows.old, yomwe imatha kudya magigabaiti oposa 10. Windows 10 ndi 11 amaichotsa okha pakatha masiku 10.

• Disk Cleanup, yomwe inayamba ndi Windows 98, imasesa zonsezi ulele, osafuna bandulo ya intaneti. Storage Sense ya mu Windows 10 ndi 11 mukangoiyatsa imasesa yokha.

• Windows 11 imafuna diski ya magigabaiti osachepera 64, choncho pa laputopu yaing'ono mafilimu asungeni pa diski yapadera.

Chenjezo: musakhudze foda ya System32, ndipo onani kaye za mu Downloads musanafufute, mwina muli ntchito ya kasitomala.